Zotsalira za magemu mu registry zisiyeni, chikuchedwetsa kompyuta yanu chili kwina

Loweruka lapitali kunabwera mphwanga, mwana wa mlongo wanga wa ku Moatize, atanyamula laputopu m'chikwama cha kusukulu. Asanakhale n'komwe pansi anayamba kudandaula. "Amalume, ndachotsa magemu onse koma ikuchedwabe. Anzanga akuti zotsalira zake zadzaza mu registry, ndiye mundiikire pulogalamu yotsukira." Ndinamukaniza. Funso lomweli ndimalimva pafupifupi sabata iliyonse pa kashopu kanga kuno ku Ulongué, choncho ndaona kuti ndilembe maganizo anga onse pano, amene akufuna kutsutsa atsutse atamva mutu wake.

Anzakewo sananame pa chinthu chimodzi: zotsalira zimakhalapodi. Registry ndi kaundula wa Windows. M'menemo ndi mmene mumalembedwa kuti pulogalamu yakuti ili pakuti, fayilo yothera ndi .docx izitsegulidwa ndi chakuti, printa yakuti imayendera chakuti. Kaundulayu anayamba ndi Windows 3.1 mu 1992, ndipo mpaka pa Windows 11 akadalipo. Mukadina batani la Windows pamodzi ndi R n'kulemba regedit mumuona, ndipo pa makompyuta athu ambiri a Chipwitikizi pamwamba pake pamalembedwa Editor de Registo. Pa laputopu ya mphwanga tinatsegula HKEY_LOCAL_MACHINE, kenako SOFTWARE, kenako WOW6432Node, kumene kumapita zolemba za mapulogalamu akale a 32-bit, ndipo tinapeza mayina a makampani opanga magemu, KONAMI ndi Rockstar Games, ali phee, pamene PES 2013 ndi GTA San Andreas anali atazichotsa kalekale. Mnyamata anakodola mutu ngati wagwira mbava.

Zimatsala chifukwa pulogalamu yochotsera gemu nthawi zambiri imafufuta zokhazo zimene inalemba tsiku loika. Zimene gemu inalemba yokha mukusewera, monga kukula kwa chithunzi, chinenero ndi mabatani amene munasankha, zimatsala. Ena opanga magemu amazisiya dala kuti mukadzaikanso mudzapeze zonse mmene munazisiyira. Magemu ambiri opangidwa ndi Unity, pulogalamu yopangira magemu, amasunga zoterezi pansi pa HKEY_CURRENT_USER\Software, ndipo ena ang'onoang'ono amasungira komweko ngakhale pamene mwafika pa gemuyo. Mukafufuta, mwayambiranso pachiyambi.

Funso langa kwa mphwanga linali lakuti, tizilembo timeneti tikukulanda chiyani? Ndinamuuza adine kumanja pa KONAMI, asankhe Exportar, asunge pa desikitopu, aone kukula kwake. Inatuluka fayilo ya makilobaiti ochepa zedi, yosafika ngakhale pa chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp. Ndipo ngakhale mutafufuta, fayilo yaikulu ya kaundula ija ili mu C:\Windows\System32\config siphwa nthawi yomweyo. Malo amene mwatsegulawo amangodikira kuti mudzalowe zina.

Pali chinanso chimene anthu samvetsa. Amaganiza kuti Windows ikamayaka imawerenga kaundula yense kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndiye mayina akachuluka imatopa. Sizili choncho. Taganizani za buku la ngongole la pa golosale. Muli tsamba la munthu amene anasamukira ku Beira zaka zitatu zapitazo, analipira zonse, sadzabweranso. Kodi tsamba limenelo limachedwetsa mwini golosale mukabwera kudzakongola shuga? Amatsegula pa dzina lanu basi. Windows nayonso imapita pa nthambi imene yafunsidwa. Nthambi ya gemu imene kulibe, palibe amaifunsa. Koma mupatseni bukulo mwana wosadziwa makasitomala n'kumuuza kuti ang'ambe masamba onse ooneka akale, muona zimene ziti zichitike kumapeto kwa mwezi.

Ndikunena zimenezi chifukwa zinandionekera, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Chaka chimene ndinatsegula shopu ino ndinkakhulupirira kwambiri mapulogalamu otsukira. Tsiku lina kunabwera aphunzitsi ena ochokera ku Dómuè, anayenda pa njinga yamoto mtunda wonsewo kudzasindikiza pauta, ndiye kuti pepala la magiredi a ana, nthawi yotseka teremu. Anandisiyira laputopu nati, "Achimwene, ana anga anadzazamo magemu, ndachotsa, koma muione bwino ndikubwera, ndipite kaye kumsika." Ine pofuna kuwasangalatsa ndinaikamo pulogalamu ina imene ndinaipeza pa intaneti, dzina lake sinditchula. Inasaka, n'kuonetsa manambala ofiira mazanamazana, akuti zolakwika. Ndinadina kuti ikonze zonse. Inandifunsa ngati ndikufuna kusunga kope la zakale, ine pofulumira ndinakana. Nditayatsanso, mafayilo awo a magiredi anali atasanduka timapepala toyera, ukadina Windows n'kumafunsa kuti itsegule ndi chiyani. Pulogalamu yawo yolembera inkayamba kudziika yokha n'kuima pakati kufuna disiki imene analibe. Aphunzitsi aja atabwerako anaima pakhomo atanyamula jumbo ya mbatata, ine thukuta lili kamukamu, kunja kukuzizira mmene kumazizirira ku Angónia mwezi wa June. Sanandikalipire. Anangoti, "Nanga mawa ndikapereka chiyani kwa a dirêkitala?" Anagona kwa abale awo m'tauni muno, ine ndinachezera usiku wonse kukonza zimene ndinawononga ndekha. Magemu a ana awo analibe mlandu uliwonse.

Pulogalamu yotsukira sidziwa chimene mzere uliwonse umatanthauza. Imangoona kuti mzere uwu ukuloza fayilo imene sikuoneka, basi yati ndi zinyalala. Koma fayiloyo mwina ili pa fulashi imene simunalowetse, kapena pa disiki yakunja, kapena pulogalamu imaipanga ikafunika. Manambala ofiirawo ambiri ndi mndandanda wa mafayilo amene munatsegula posachedwa, zinthu zosapweteka munthu, koma amaziwerenga kuti muchite mantha mugule mtundu wolipira. Eni ake a Windows, kampani ya Microsoft, analemba poyera kuti savomereza mapulogalamu otsuka registry, ndipo satsimikiza kuti mavuto obwera chifukwa cha iwo angakonzeke popanda kuikanso Windows. Amene anamanga nyumba akukuuzani kuti musagumule khoma ilo, inu n'kumvera wodutsa m'njira?

Ena amati vuto ndi mapulogalamu achabechabe, otchuka ndi abwino. Ngakhale otchukawo ngozi ilipo ya mtundu wina. Mu 2017 akuba a pa intaneti analowetsa kachilombo mu pulogalamu yotsukira ya CCleaner ya nambala 5.33, ndipo anthu oposa 2 miliyoni anaikopera kuchokera kwa eni ake enieni. Pulogalamu iliyonse imene mwaipatsa mphamvu zolowa paliponse m'kompyuta ndi khomo linanso, ndipo ili ndi khomo limene mwatsegula popanda chimene mukupindula. Komanso dziwani kuti kuyambira pa Windows 10 ya mtundu wa nambala 1803, kope la registry limene kale linkasungidwa lokha mu foda ya RegBack silisungidwanso pokhapokha mutalamula. Ambiri mwa ife Restauro do Sistema, yobwezera Windows mmene inalili zisanavute, ndi yozima chifukwa tinkafuna malo pa disiki. Zikavuta mulibe pogwira.

Tsono laputopu ya mphwanga inkachedwa chifukwa chiyani? Ndinaitembenuza, kumasula zomangira, kutukula chivundikiro. Pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsira mpweya panali fumbi lakuda lomatana ngati kansalu ka bulangete, moti ndinalikoka ndi zala likutuluka lathunthu. Amene munakhalako ku Moatize mukulidziwa fumbi la malasha, limalowa ngakhale m'kabati yotseka. Onjezerani kutentha kwa kumunsi kuja, kumene mwezi wa October ndi November kumapyola madigiri 40. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Mnyamata ankasewera laputopu ili pa matiresi, mabowo onse a pansi atatsekeka. Ndinapukuta ndi kaburashi, n'kuikamo mafuta atsopano aja otuwa a pa purosesa. Fani imene inkalira ngati chigayo inakhala chete.

Kenako tinatsegula Gestor de Tarefas, poonera zimene zikugwira ntchito m'kompyuta. Disiki inali pa 100 peresenti osachita kanthu, disiki yakale yozungulira ija, ndipo RAM, pamene kompyuta imagwirizira zimene ikuchita nthawi imeneyo, ndi magigabaiti 4 okha. Pa tsamba la zoyamba pamodzi ndi Windows panali mapulogalamu mbwee, ena osadziwika kumene anachokera. Apa ndiye ndinamufunsa mwachindunji kuti magemuwo anawatenga kuti. Anati pa fulashi ya mnzake, yemwenso anatenga kwa mnzake. Tisanamizane, ndi mmene magemu amayendera kwathu kuno, kuyambira ku Zóbuè mpaka ku Furancungo, chifukwa ndani angakoke magigabaiti 60 pa bandulo ya Movitel kapena Vodacom? Koma magemu othyoledwawo amakuuzani kuti muzimitse chitetezo cha Windows poika, ndipo zimene zimalowa nthawi imeneyo sizichoka mukachotsa gemu. Titayatsanso Microsoft Defender n'kusaka disiki yonse, inagwira tizilombo. Izi ndiye zotsalira zimene ine ndimaziopa, ndipo pulogalamu yotsuka registry ikanazidutsa osaziona.

Malo pa disiki, ngati ndi amene mukufuna, ali m'mafoda. Onani mu Program Files ndi Program Files ya x86, mu Documentos, ndi mu AppData imene imabisika mpaka mutalemba %appdata% pa bokosi lija la Windows ndi R. Onaninso mu Transferências, mmene mumagona mafayilo a ISO amene munaikira gemuyo, iliyonse magigabaiti angapo. Ingosamalani ndi mafoda ngati GTA San Andreas User Files, chifukwa m'menemo ndi mmene muli pamene munafika. Ngati mudzaseweranso, koperani kaye pa fulashi.

Sindikunena kuti registry sindiikhudza. Ndimaikhudza pamene pali vuto looneka ndi maso, lokhala ndi dzina. Nthawi zina dzina la gemu limakanirira pa mndandanda wa mapulogalamu, ukadina Desinstalar n'kumati fayilo palibe, makamaka ngati munthu anangofufuta foda m'malo mochotsa bwinobwino. Mzere wake umakhala pansi pa Microsoft\Windows\CurrentVersion\Uninstall. Nthawi zina mukufuna kuikanso gemu koma ikukana, akuti ilimo kale. Nthawi zina kompyuta ikangoyaka pamatuluka uthenga woti fayilo yakuti sikupezeka, chifukwa mu nthambi ya Run munatsala lamulo loti iyambitsidwe. Pamenepo ndimapita pa mzere umodzi womwewo, ndimadina Exportar kusunga kope, ndimawerenga kawiri dzina lake, ndiye n'kufufuta. Zikavuta, kudina kawiri fayilo ya .reg ija kumabwezera zonse. Pa za poyaka ndimakonda Autoruns, pulogalamu yaulere ya Sysinternals, imene Mark Russinovich ndi mnzake Bryce Cogswell anayambitsa ndipo Microsoft inaigula mu 2006. Ubwino wake ndi woti umangochotsa kachongi, chinthucho chimazima osafufutika, ukasintha maganizo umabwezera. Ndipo amene mumasewera Valorant, Riot Vanguard, yoletsa chinyengo pa gemuyo, ndi pulogalamu payokha imene imayaka pamodzi ndi Windows, ili ndi dzina lake pa mndandanda, muione ngati yachokadi mukachotsa gemuyo.

Mawu anga olemera ndi a kwa anzanga okonza makompyuta, a muno mu Ulongué ndi a mumzinda wa Tete. Munthu wabwera ndi laputopu yochedwa, inu mwaika pulogalamu yotsukira, mwamuonetsa manambala ofiira akusanduka obiriwira, mwalandira mameticais ake, wapita. Pakatha masiku atatu ikuchedwanso chifukwa fumbi likadali mu fani. Ndalama imeneyo mayi wina anagulitsa ndowa ya chimanga kuti mwana wake alembere ntchito ya kusukulu. Ine ndinachitapo zimenezi mosadziwa, koma ambiri a inu mukudziwa. Kumasula laputopu n'kupukuta kumafuna nthawi ndi dzanja lodekha, kuuza munthu kuti disiki yake yatopa kumafuna kulimba mtima chifukwa safuna kumva za kugula, koma imeneyo ndiye ntchito imene tikulipidwira. Ndipo makompyuta ambiri amene timagwira ndi a Windows 10, imene Microsoft inasiya kuisamalira mwa nthawi zonse pa 14 October 2025. Nkhani yoti tikambirane ndi makasitomala ndi imeneyo.

Mphwanga anakwera chapa Lamlungu masana. Ndinamuuza kuti asamaike laputopu pa bedi, apeze kathabwa, ndipo ndalama imene akanapereka kwa otsuka aisunge, awonjezere pang'onopang'ono mpaka ikwane SSD, disiki yothamanga yosazungulira, ngakhale ya magigabaiti 256, ndidzamuikire ndekha. Lachiwiri anandiimbira kuti tsopano ikuyaka asanamalize kuthira tiyi m'kapu, kenako anafunsa kuti, "Nanga KONAMI ija amalume, tinaiwala kufufuta?" Ndinati sitinaiwale, ndipo tsiku limene adzaikenso PES aione ngati ikana. Ikadzakana abwere nayo, tidzachotsa mzere umodzi umenewo.