Boerboel si galu wa m'kachipinda ka lendi

Nkhani yanuyi yayamikira Boerboel kuti ndi galu wabwino pakhomo, koma za malo simunanene. Ambirife kuno ku Joni timakhala m'tizipinda takuseri ku Rosettenville kapena Yeoville, pabwalo ana ali yakaliyakali. Boerboel amatha kupitirira makilogalamu 60, chakudya chake n'chodula, ndipo akamangidwa pa tcheni tsiku lonse amalusa. Kumene ndimagwira ntchito ya m'gadeni ku Randburg alipo, amathamanga mumpanda waukulu mpaka lilime panja, n'chifukwa chake ndi wofatsa.

Abale anga, ngati galu mukumufunadi, pezani Africanis, wofanana ndi agalu akumudzi kwathu aja. Sadwaladwala, ndipo ana amawazolowera msanga. Koma katemera wa chiwewe musazengereze, lamulo la kuno limati abayidwe akakwana miyezi 3.