Cleveland sinagule nyenyezi, anyamata anali omwewo

Mpaka lero pali anzanga amene amati zimene Cleveland Cavaliers inachita kumayambiriro kwa sizoni ya 2024-25 unali mwayi chabe. Ine ndimakanitsitsa. Kupambana magemu 15 otsatizana kuyambira tsiku loyamba mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, si za mwayi ayi. Iwo asanachite zimenezi, matimu atatu okha ndi amene anali atazichitapo: Washington Capitols mu 1948, Houston Rockets mu 1993 ndi Golden State Warriors mu 2015.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti anyamata anali omwewo. Donovan Mitchell, Darius Garland, Evan Mobley ndi Jarrett Allen onse analipo sizoni ya m'mbuyo mwake, pamene timuyi inapambana magemu 48 kenako Boston n'kuitulutsa mu ndime yachiwiri ya ma playoff, magemu ochotsana a kumapeto kwa sizoni. Nthawi imeneyo pakamwa pa anthu panali potentha. Ena ankati Mitchell ndi Garland sangayendere limodzi poti onse ndi afupiafupi ndipo aliyense amafuna mpira uzikhala m'manja mwake. Ena ankati Mobley ndi Allen, zimphona ziwiri, amangopanikizana pansi pa basiketi. Nyimbo inali imodzi: gulitsani mmodzi. Akuluakulu a timu sanagulitse aliyense mwa anayiwa. Anachotsa kochi J.B. Bickerstaff n'kubweretsa Kenny Atkinson, amene ankathandiza kochi Steve Kerr ku Golden State. Atkinson yemweyu ndiye analera Allen ali mwana ku timu ya Brooklyn.

Atkinson atafika, mpira unasiya kugona m'manja mwa munthu mmodzi. Kale Mitchell akaugwira, anzake ankaima ngati zitsa n'kumaonerera. Tsopano amene alibe mpira ndiye ankathamanga kwambiri, wina kudula pakati, wina kuthawira pakona, oteteza n'kumasowa woti amugwire. Koma chachikulu kwa ine chinali Mobley. Mnyamata uja ankangodziwika ndi kutchinga mipira, koma anamuuza kuti akatola mpira kumbuyo aziuyendetsa yekha mpaka kutsogolo, aziponya ali patali osaopa, azigawira anzake. Munthu wamtali chotere akubwera nawo mpira ali pa liwiro, umutumizira ndani? Wamfupi amupitirira pamwamba, wamtali amusiya kumbuyo.

Ndiye apa tiyeni timupatse ulemu wake Mitchell. Iyeyu ndi mwini filimu, anali atangosaina kumene kontirakiti ya zaka zitatu ya ndalama pafupifupi madola 150 miliyoni, ndipo akanati mpira wonse uzidzera kwa ine, palibe akanamuletsa. Koma analolera kuti mphindi zake zitsike kuchoka pa 35 kufika pa 31 pa gemu, mapointi akenso n'kutsika, kuti Garland ndi Mobley akule. Nyenyezi zingati zimene zingavomere zimenezi? Ife amene tinaseweretsako mpira pa makhothi a sukulu tikumudziwa mnzathu uja amene akagwira mpira ndiye watsanzika, subwereranso. Mitchell anakana kukhala munthu ameneyo.

Osaiwalanso thanzi. Garland anathyoka nsagwada mu Disembala 2023, anakhala milungu ingapo akudya zamadzimadzi zokhazokha, thupi n'kutha. Mwezi womwewo Mobley anamuchita opaleshoni ya bondo. Ty Jerome anasewera magemu awiri okha sizoni yonseyo chifukwa cha kakolo. Onsewa anabwerera ali bwino, ndipo Jerome, akalowa kuchokera pa benchi, ankagoletsa ngati alibe chomuopsa. Atkinson sankaumira ndi benchi: Caris LeVert, Georges Niang, Sam Merrill, onse ankalawa bwalo gemu isanafike patali.

Usiku umene ndinakhulupirira ndi wa gemu ya Golden State, pa 8 Novembala. Kuno kwathu kunali kutadutsa 2 koloko m'bandakucha wa Loweruka. Ndinakhala pa mkeka pabalaza, foni nditaitsamiritsa ku kapu, mawu nditatsitsa kuti ana asadzuke. Golden State inabwera ili pa moto, itangogonja kamodzi kokha. Pofika pa hafu, sikoo inali 83 kwa 42. Ndinayandikitsa foni kumaso kuti mwina ndikuona molakwika. Stephen Curry, nyenyezi ya Golden State, ndi anzake ankangotembenuka uku ndi uku, mpira utadutsa kale m'manja atatu. Gemu inatha 136 kwa 117, atambala akulira panja, ine tulo titathawiratu.

Amene anawaimitsa ndi Boston, akatswiri a nthawiyo, pa 19 Novembala, kwawo ku TD Garden, 120 kwa 117. Ngakhale pamenepo Cleveland inatsalira kutali, n'kubwerera mpaka kuwapumira m'khosi, tsiku limene Garland dzanja linamukana.

Ndikudziwa chimene mundiyankhe: nanga Indiana ija? Zoona, Indiana Pacers inawatulutsa 4 kwa 1 mu ndime yachiwiri ya ma playoff, ndipo zinandipweteka kwambiri. Koma timu imene yamaliza ndi magemu 64 opambana, kugonja 18 okha, kutumiza osewera atatu ku All-Star, gemu ya nyenyezi za mu ligi yonse, kochi wake n'kusankhidwa kukhala wopambana pa chaka, Mobley n'kutenga mphoto ya woteteza bwino kuposa onse, musandiuze kuti inangochita mwayi kumayambiriro kwa sizoni. Pa gemu yachiwiri yolimbana ndi Indiana, Garland, Mobley ndi De'Andre Hunter, amene anabwera ku Cleveland pakati pa sizoni, onse anakhala panja atavulala. Mitchell anabwerera ku moyo wakale wosenza katundu yekha, anagoletsa mapointi 48, komabe Tyrese Haliburton wa Indiana anaponya wa mapointi atatu kutatsala kamphindi, gemu n'kutha 120 kwa 119. Usiku umenewo ndinaona Cleveland ya Bickerstaff ija itabwerera, ndipo ndinazimitsa foni osayankha uthenga wa aliyense.