Lekani kuika klatchi ya mpikisano m'galimoto yokwawa pamiyala

Ndakwiya kwambiri ndi zimene zachitikira mnzanga wina amene ali ndi galimoto ya 4x4 ya manyuwo. Klatchi yake itayamba kuterereka anapita kukagula ina, ndipo wogulitsa anamunyengerera kuti popeza galimotoyo imayenda m'mapiri ndi m'matope, ikufunika klatchi yamphamvu koposa zonse, ija ya ceramic yokhala ndi timapiko tinayi, imene pabokosi lake analembapo kuti Stage 4. Pa ulendo woyamba ataiika, atafika pa chitunda cha miyala pamene galimoto imafunika kukwawa pang'onopang'ono, inkangodumpha n'kuzima, kudumpha n'kuzima, mpaka mwini wake anaponda moto kuti isazimenso, ndipo shafiti ya tayala lakutsogolo inathyoka pomwepo. Wogulitsa uja ndalama analandira kale, ndipo sindikukayika kuti akugona tulo tabwino.

Ndikufuna ndinene mosapita m'mbali kuti klatchi ya mpikisano si ya galimoto yoyenda m'tchire, ndipo aliyense amene akukuuzani zosiyana ndi zimenezi mwina sanayendetsepo galimoto pamiyala, kapena akungofuna kuti katundu wake achoke pashelefu. Woyendetsa galimoto ya mpikisano amafuna klatchi yogwira nthawi imodzi, mwamphamvu, injini ikulira mokweza. Woyendetsa galimoto pamiyala amafuna klatchi yomvera phazi, yoti akakweza pedulo pang'ono galimoto isunthe pang'ono, tayala likwere mwala mofatsa, litsike mofatsa, pansi pa galimoto pasagunde kanthu. Klatchi ya timapiko ija siidziwa kugwira pang'ono. Imagwira kapena kusiya basi, ndipo malo apakati aja, amene phazi lanu limawadalira mukamazembetsa galimoto pakati pa miyala iwiri, amakhala ochepa kwambiri moti simungawapeze pamene galimoto ikugwedezeka ndipo inu mukugwedezeka nayo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nanga mudekha bwanji ndi klatchi imene siilola kudekha?

Tengani puleti ya klatchi wamba muiyang'ane bwinobwino. Chikopa chake, chimene amati organic, chimazungulira puleti yonse mbali zonse ziwiri popanda mpata, pakati pa zikopa ziwirizo pali kachitsulo kopyapyala kopindikapindika kamene kamafinyika pang'onopang'ono klatchi ikamagwira, ndipo chapakati pali masipulingi amene amameza kugunda kochokera ku injini kusanafike ku giyabokosi. Zonsezi anaziika dala kuti mphamvu izilowa mofewa. Mapuleti ambiri a mpikisano alibe kachitsulo kofinyika kaja, ena alibe ngakhale masipulingi, choncho kugunda konse kumadutsa osachepa, kupita ku giyabokosi, ku transfer case (bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo), ku difu (magiya ogawira mphamvu matayala akumanja ndi akumanzere) mpaka ku mashafiti a matayala. Klatchi wamba ikapanikizika imaterereka pang'ono, n'kupulumutsa zitsulo zina. Klatchi yokana kuterereka imangotumiza vutolo kutsogolo, ndipo chimene chimathyoka ndi chitsulo chodula kuposa klatchiyo, kawirikawiri muli kutali ndi chithandizo chilichonse.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti ceramic imapirira kutentha. Imapiriradi, koma imadya flywheel (chitsulo chozungulira cha ku injini chimene puleti ya klatchi imagwirapo) ndi pressure plate (chitsulo chopanikiza puletiyo ku flywheel), ndipo imanjenjemeretsa galimoto ponyamuka. Mwapindula chiyani?

Mawu akuti Stage 2, Stage 3 kapena Stage 4 asakuzunguzeni mutu, chifukwa palibe muyeso umodzi umene makampani onse amatsatira. Kampani iliyonse imatchula klatchi zake momwe yafunira, ndipo Stage 2 ya kampani ina ikhoza kufanana ndi Stage 3 ya inzake. Chofunika kufunsa ndi torque, kutanthauza mphamvu yozungulitsa, imene klatchiyo ingasenze, n'kuiyerekeza ndi torque imene injini yanu imatulutsa. Ngati injini simunaisinthe chilichonse, klatchi yofanana ndi imene galimoto inabwera nayo ndi yokwanira, chifukwa amene anaipanga anasiya kale mpata woti isenze zoposa zimene injiniyo imapereka. Makampani monga Aisin, Exedy, LuK, Sachs ndi Valeo ndi amene amapangira klatchi mafakitale a galimoto, ndipo palibe chochititsa manyazi pogula klatchi yawo wamba. Manyazi ali pogula chinthu chifukwa choti nambala yolembedwa pabokosi ndi yaikulu.

Ngati galimoto munailemeretsa ndi zitsulo zakutsogolo, winchi ndi katundu wapadenga, kapena mumakoka ngolo yolemera, kapena munawonjezera mphamvu ya turbo, pamenepo pali chifukwa chomveka chosinthira. Koma ngakhale zili choncho, yankho ndi pressure plate yopanikiza kwambiri pang'ono, yoyendera limodzi ndi puleti ya organic yozungulira yonse yokhala ndi masipulingi ake. Mukapitirira muyeso pedulo imalimba, mwendo wamanzere umatopa pa ulendo wautali, ndipo master cylinder, slave cylinder ndi foloko ya klatchi, zomwe zimatumiza mphamvu ya phazi kuchoka pa pedulo kupita ku klatchi, zimasenza katundu amene sanazipangire. Kwa amene munaika matayala aakulu, dziwani kuti kuchoka pa mainchesi 31 kufika pa mainchesi 35 kumatalikitsa magiya onse ndi pafupifupi 13 peresenti, ndipo n'chifukwa chake galimoto imavutika kunyamuka inu n'kumaotcha klatchi. Vuto limenelo limathetsedwa posintha magiya a m'difu. Klatchi yaukali singalithetse.

Klatchi zambiri zimapsa chifukwa cha ulesi wa oyendetsa basi. Galimoto izi anaziikira low range, magiya a mu transfer case ochepetsa liwiro n'kuwonjezera mphamvu yokoka, kuti phazi lichoke pa pedulo. Ya Land Rover Defender yakale imachepetsa liwiro pa mlingo wa 3.32:1, ya Jeep Wrangler Rubicon pa mlingo wa 4:1, kutanthauza kuti mukailowetsa n'kuika giya yoyamba galimoto imatha kukwawa yokha klatchi itagwira kwathunthu, osaterereka, osatentha. Koma munthu amafika pa chitunda ali mu high range, magiya oyendera mumsewu wamba, n'kumakwera atapondereza pedulo theka mpaka fungo la klatchi yopsa kudzaza m'galimoto monse, kenako n'kumati klatchi ya kufakitale ndi yofooka. Chofooka ndi kayendetsedwe kanu, akulu. Klatchi ya ceramic sidzakuphunzitsani kuyendetsa, idzangosintha chinthu chimene mukuwononga.

Ndisaiwale amakaniko ena, amene nawonso amandinyansa pa nkhani yomweyi. Kuti mufike pa klatchi ya 4x4 mumayenera kumasula mashafiti onse awiri opita ku madifu, kutsitsa giyabokosi pamodzi ndi transfer case, ntchito yolemetsa imene palibe amafuna kuibwereza. Komabe mupeza wina wasintha puleti yokha, wasiya pressure plate yakale, wasiya release bearing (beringi yomasula klatchi mukaponda pedulo) yolira, sanayang'ane pilot bearing (beringi yogwira nsonga ya shafiti ya giyabokosi), ndipo flywheel yodzaza madontho akuda a kutentha waibwezera momwemo osaisalaza. Oil seal yakumbuyo kwa injini ikudontha akuiona ndi maso ake, koma watseka, podziwa bwino kuti oyilo akafika pa puleti yatsopano klatchiyo iyamba kuterereka kapena kunjenjemera. Ngati flywheel ndi ya mtundu wa dual mass, ya zigawo ziwiri zolumikizidwa ndi masipulingi, ndipo yatha, kawirikawiri imafunika kusintha yonse, koma iye sakuuzani, amangokupatsani makiyi. Sakuuzaninso kuti klatchi yatsopano imafuna kuyendetsedwa mofatsa kwa makilomita pafupifupi 800 kuti chikopa chikhazikike, kapenanso kuti mukamawoloka madzi musankhiretu giya musanalowe ndipo musaponde pedulo muli m'kati, chifukwa madzi ndi matope zimalowa pakati pa puleti ndi flywheel. Kenako galimoto ikabwerera pakapita miyezi yochepa, makaniko yemweyo amakuyang'anani m'maso n'kunena kuti vuto ndi lakuti simunagule ya Stage 4.