Wodwala misala si choseketsa chanu

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Dzulo m'basi yochokera ku Chipata kupita ku Katete anatiikira sewero pa TV. Mnyamata wavala masanza, wadzipaka makala kumaso, akutola zakudya kudzala, kenako akuthamangitsa azimayi ndi chikwanje. Basi yonse kufa nacho chiseko. Pambali panga panali mayi wina ndi mwana wawo wamwamuna, wamkulu ndithu. Tisananyamuke anali atandiuza kuti achokera kuchipatala kukatenga mankhwala a matenda a maganizo a mwanayo. Mayiwo anangozyolika. Mnyamatayo anayang'ana pawindo mpaka tinadutsa pa Mtenguleni.

Inu opanga masewero, kodi zoseketsa zinakutherani? Munthu wodwala si choseketsa. Matenda si nthabwala. Bwanji simuvala ngati wodwala khansa n'kumagubuduka pansi kuti tiseke? Mukudziwa kuti anthu angakutukwaneni. Koma akakhala wodwala mutu ndiye mwapeza podyera, chifukwa iye sangabwere kudzakufunsani.

Ndipo nthawi zonse ndi munthu mmodzimodzi yemweyo: wauve, waukali, wofuna kupha. Chomwe chamudwalitsa, akuti anaba mbuzi ya eni ake n'kumulodza, kapena anaphonya chizimba pofuna kulemera, apo ayi chamba. Pothera pake abwera sing'anga kapena m'busa, mphindi zisanu wachira, nyimbo, sewero latha. Bodza lenileni! Ali kuti mphunzitsi yemwe wakhala miyezi osagona chifukwa chovutika maganizo? Ali kuti mayi yemwe wasokonezeka atangobereka? Ali kuti bambo womwa mapilisi ake tsiku ndi tsiku, yemwe akulima mtedza ku Petauke ndi kulipirira ana sukulu? Anthu amenewa alipo, tili nawo m'nyumba zathu, timapemphera nawo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati m'chaka cha 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko lapansi anali ndi vuto la matenda a maganizo. Werengani nokha m'basi yodzaza kuti mukuseka angati.

Akuti n'zomwe anthu amakonda kuonera, zimabweretsa ndalama. Kaya zanu izo.

Chomwe ndikudziwa n'chakuti mukaseka wodwala, banja lake limamubisa. Amamutsekera kuchipinda, ena kumumanga ndi chingwe pamtengo kuseri kwa nyumba, kuopa kuti mudzi ungadziwe. Mtsikana woti akanapita kuchipatala msanga amangoti zii, poopa kuti sadzakwatiwa. Ana ataona pa TV amatola miyala kugenda wodwala pamsewu, poti anaphunzira kuti ameneyo si munthu. Anthu ambiri mpaka lero amaganiza kuti ukangotchula vuto la maganizo basi akunyamula kupita kuchipatala cha odwala maganizo cha Chainama ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 500, pomwe ku Chipata Central Hospital konkuno amathandiza odwala otere. Ndani anawauza zimenezi m'sewero? Palibe. Nkhani ya kuchira siseketsa, ndiye simuifuna.

Dziko lino la Zambia linasintha lamulo mu 2019. Mental Health Act inalowa m'malo mwa lamulo lakale la nthawi ya atsamunda, ndipo imanena kuti wodwala maganizo ali ndi ufulu ndi ulemu monga wina aliyense. Lamulo linasintha, inu mukadali pomwepo ndi masanza anu ndi makala anu. Pa 10 Okutobala, tsiku lokumbukira umoyo wa maganizo padziko lonse, mudzavala malaya olembedwa za umoyo wa maganizo n'kujambulitsa, mawa lake mwabwereranso kukaseka odwala. Manyazi mulibe?

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Palibe anachita kufunsira matenda amenewa. Ngongole, imfa ya mwana, ukwati kutha, mutu wa aliyense ungathe kugonja.

Ndipo inunso a mafoni m'manja. Munthu wadwala pa msika wa Kapata, wavula zovala, m'malo momufunditsa chitenje mwatulutsa foni kujambula. Dzuwa lisanalowe vidiyo yafika pa WhatsApp, pa Facebook, pa TikTok, mwaikamo ndi kanyimbo. Ameneyo ali ndi mayi ake, ali ndi ana omwe mawa apita kusukulu kukakumana ndi anzawo oti aonera kale. Akadzachira adzaipeza vidiyoyo ikuyendabe. Wina akangonditumiziranso zotere ndimuchotsa pa foni yanga tsiku lomwelo, kaya ndi m'bale wanga.