AEW inalakwitsa kutseka Dark

Usiku wathawu tulo tinandithawa, ndiye ndinangolowa pa YouTube n'kuyamba kuonera zigawo zakale za AEW Dark. Pofika 3 koloko bando inali itatha, ndipo dandaulo langa la mu 2023, loti anatseka pulogalamuyi, linali litabwereranso.

Kwa inu amene masewera ogwetsana mumangowadziwira kwa John Cena pa SuperSport: AEW ndi kampani ya Tony Khan ya ku America, yomwe ikulimbana ndi WWE. Pulogalamu yake yaikulu, Dynamite, inayamba pa 2 Okutobala 2019 pa kanema wa TNT. Pa 8 mwezi womwewo anatulutsa Dark, yaulere, pa YouTube. Dzinali linachokera ku ndewu zimene zimachitika makamera a TV ali ozimitsa, zongosangalatsa anthu amene ali m'holo. AEW inayamba kuzijambula n'kumatiponyera Lachiwiri lililonse. Kwathu kuno zinkafika cha m'ma 1 kapena 2 koloko usiku, nthawi yabwino ya bando yotchipa.

Dark inali nazale. Amene munalimako fodya mukudziwa kuti mbande siyambira m'munda waukulu. Mu 2020, Covid itatseka timakampani ting'onoting'ono, anyamata ndi atsikana ambiri opanda kontirakiti anasowa pogwira. AEW inkajambulira ku Daily's Place mumzinda wa Jacksonville, mipando ili mbee, ndipo inkawaitana kudzagwira ganyu pa Dark. Chigawo chimodzi chinkatha kukhala ndi ndewu zoposa 10. Will Hobbs ndinamuonera komweko koyamba, chimunthu chadzitho koma chongobwera kudzagonja. Pofika mu Malichi 2023 anali Powerhouse Hobbs, atagwetsa Wardlow n'kutenga lamba wa TNT. Max Caster ndi Anthony Bowens anawaphatikiza pa Dark mu 2020 n'kukhala The Acclaimed, ndipo mu Seputembala 2022 bwalo la Arthur Ashe ku New York linagwedezeka iwo akulanda malamba a awiriawiri kwa Swerve Strickland ndi Keith Lee. Ife amene tinawaona akuyamba kukwawa, tsiku limenelo tinkadzimva ngati a malume awo.

Sindikubisa, Dark inali ndi zake zotopetsa. Ukaona wina ali kale mu ring'i, walowa wopanda nyimbo, dzina lake angolitchula mothamanga, unkadziwiratu kuti mphindi zitatu sizikwana ali chagada. Ndiponso popeza AEW inkawerengera kuti uyu wapambana kangati, wagonja kangati, ena ankakonzera manambala awo pa Dark pomenya ana osakhwima, kenako n'kutulukira pa Dynamite ati akufuna lamba. Mng'ono wanga ankaseka zimenezi. Ankati achimwene, mukutha bando poonera zinthu zoti mapeto ake mukuwadziwa kale. Ine n'kumuyankha kuti nanga wrestling yonseyi sakonzeratu wopambana? Chimene timaonera ndi luso: wagwa bwanji, wanyamula bwanji mnzake osamuthyola khosi, anthu akuombera m'manja kapena akuyasamula. Luso limenelo munthu saphunzirira kuchipinda. Pamafunika kamera, magetsi ndi khamu, koma pamalo poti ukalakwitsa dziko lonse silikunyoza.

Komanso panali Taz ndi Excalibur pa maikolofoni. Pa TV amayenera kudzigwira, koma pa Dark ankangocheza ngati madoda awiri ali pa bawo. Taz akayamba kuseka ankaiwala kuti pali ndewu. Masiku ena ndinkasiya foni pa pilo n'kumangomvera iwowo.

Mu 2021 anawonjezera ina ya Lolemba, Dark: Elevation, yomwe ankaulutsa Paul Wight, uja tinkamudziwa kuti Big Show, pamodzi ndi Tony Schiavone. Chaka chomwecho Dark anayamba kuijambulira ku Universal Studios ku Orlando. Kenaka mu Epulo 2023 zonse ziwiri zinazima, ndipo pa 17 Juni panabwera pulogalamu yatsopano, Collision, pa TNT. Nkhani yake ndi ya ndalama: kampani ya Warner Bros. Discovery, mwini wake wa TNT, inkalipira AEW, ndiye sikanakondwa kuona katundu yemweyo akugawidwa ulele pa intaneti. Zimenezo ndikuzimvetsa. Chimene sindikuvomereza n'choti Collision inalowa m'malo mwa Dark. Collision ndi ya akuluakulu odziwika kale. Achinyamata ambiri anawakankhira ku Ring of Honor, kampani ina ya masewera ogwetsana yomwe Khan anagula mu 2022, n'kuika pulogalamu yake pa HonorClub, polipira mwezi ndi mwezi. Mnyamata wa ku Ndirande amene ali ndi foni ndi bando ya usiku basi, khadi la kubanki lolipirira madola alitenga kuti? Ndipo amene akugonja lero pamalo obisikawo, adzamukonda ndani akadzatulukira pa TV?

Amene mukuti Dark inali ya zinyalala, kasakeni chigawo chachiwiri, cha mu Okutobala 2019, Kenny Omega ndi Joey Janela akuswana ndi matebulo ndi makwerero popanda malamulo. Mukamaliza mubwere tidzakangane bwinobwino.