Chikumbumtima pachokha sichikwanira

Abusa mwalemba kuti Mkhristu azingomvera chikumbumtima posankha chochita, koma ine apa ndakana pang'ono. Chikumbumtima chimaphunzitsidwa, chimathanso kufa, 1 Timoteo 4:2 akuti ena chawo chinapsa ngati ndi chitsulo chamoto. Pitani mu msika wa Mzuzu muone, munthu wapinda chigoba cha chimanga pansi kuti chichepe, mtima uli zii, Lamulungu ali kutsogolo kwayala ku Katoto, ukamufunsa akuti tili mu chisomo. Chisomo chake chiti? Paulo anazikana kale zimenezo pa Aroma 6.

Komanso kulapa mwangokudutsa mwachangu, pomwe Zakeyu pa Luka 19:8 analonjeza kubweza kanayi kwa amene anawabera, nde ife timangoti pepani basi ndalama ili mthumba. Gawo lachiwiri mulembepo za kubweza abusa.