Makolo amodzi, mabuku osiyana: aphunzitsi a mawa ku Turkey, Azerbaijan ndi Uzbekistan

Wophunzira zauphunzitsi ku Ankara (Turkey), mnzake wa ku Baku (Azerbaijan) ndi wina wa ku Tashkent (Uzbekistan) onse amauzidwa kuti ndi a mtundu umodzi wa Chiturkic, ndipo umboni wake ulipo. Zilankhulo zawo n'zapachibale, ndipo zolemba zakale zimene amanyadira ndi zosemedwa pa miyala ya m'chigwa cha Orkhon ku Mongolia, monga mwala wokumbukira kalonga Kül Tigin wa m'chaka cha 732. Maboma awonso ali m'bungwe limodzi la mayiko a Chiturkic lomwe linakhazikitsidwa ku Nakhchivan mu 2009. Komabe zimene aliyense adzanene akadzaima kutsogolo kwa kalasi n'zosiyana kwambiri.

Ku Turkey mbiri imafotokozedwa ngati ulendo: makolo anachoka pakati pa Asia, anapambana nkhondo ya Manzikert mu 1071, nakhazikika ku Anatolia mpaka kudzamanga ufumu wa Ottoman. Wophunzitsidwa motere n'kosavuta kuona mayiko a kum'mawa ngati malo amene makolo anasiya, osati mayiko amene ali ndi moyo wawo lero, makamaka poti mpaka 1991 anali mu Soviet Union ndipo kuyenderana kunali kovuta. Amafanana ndi mwana wobadwira m'tauni amene amatamanda kumudzi koma akapitako amayembekezera kuti amupatse mpando wa akulu.

Ku Azerbaijan chibalecho n'chapafupi, moti wa ku Baku amamva Chituruki cha pa wailesi yakanema popanda womasulira. Koma buku la mbiri likafika pa 1514, mayiko awiriwa amapatukana. Pa nkhondo ya Chaldiran, Selim I wa Ottoman anagonjetsa Shah Ismail, amene ku Azerbaijan amalemekezedwa ngati mfumu komanso mlakatuli wamkulu wa chilankhulo chawo.

Mpata wa Uzbekistan ndi wokulirapo. Timur, mfumu yankhondo yakale ya kumeneko yemwe chipilala chake chili pakati pa mzinda wa Tashkent, ndi yemwe anagwira Sultan Bayezid I wa Ottoman pa nkhondo ya ku Ankara mu 1402, ufumu wa Ottoman n'kulowa m'chipwirikiti cha zaka zoposa 10. Mphunzitsi wa kumeneko amayamba ndi dziko lake, ndipo sangaiwale kuti ku Samarkand ndi Bukhara anthu ambiri amalankhula Chitajiki, chomwe n'chibale cha Chiperisiya. Uzbekistan inalowa m'bungwe lija la mayiko a Chiturkic mochedwa, mu 2019. M'kuona kwanga, kusamala kumeneku kumakonzekeretsa mphunzitsi bwino kuposa chikondi chosafunsa mafunso, chifukwa mwana wochenjera m'kalasi sadzalephera kufunsa kuti abale ankamenyana bwanji.

Akatswiri a International Turkic Academy ku Astana anakonza buku limodzi la mbiri ya mitundu yonseyi, koma limathera cha m'zaka za m'ma 1400, nkhani ya Chaldiran isanafike.

Vuto lina ndi la zilembo. Turkey inasinthira ku zilembo za Chilatini mu 1928, Azerbaijan inamaliza kusintha mu 2001, pamene Uzbekistan ikugwiritsabe ntchito mitundu iwiri, Chilatini ndi Chisiriliki (zilembo zonga za Chirasha), ngakhale lamulo lake losinthira ku Chilatini ndi la 1993. Mu September 2024 akatswiri anagwirizana ku Baku za alifabeti imodzi ya zilembo 34, koma ku Kazakhstan ndi Kyrgyzstan mabuku a sukulu akusindikizidwabe m'Chisiriliki, chimene wophunzira wa ku Ankara sangachiwerenge asanaphunzitsidwe mwapadera.